Mabuku Otsogolera Alendo a Kaunjika ku London: Logula Ndi Liti, Losiya Pashelefu Ndi Liti

Aliyense amene wakhalako ku London masabata angapo amazindikira msanga kuti Angerezi nawonso ali ndi kaunjika wawo. Kwathu tikamva mawu amenewa timaona milu ya zovala ndi nsapato mumsika wa Limbe kapena ku Tsoka mu Lilongwe. Kuno kaunjika anafika mpaka pa mabuku, ndipo pafupifupi sitolo iliyonse yogulitsa mabuku owerengedwa kale imakhala ndi shelefu imodzi kapena ziwiri za mabuku otsogolera alendo: a Italy, a Spain, a Scotland, a London yemweyu, mwa apo ndi apo ngakhale a kwathu. Mitengo yake imakoka mtima. Buku loti latsopano mukanalipira mapaundi 16 kapena 18, pano mulipeza pa mapaundi 3. Chovuta n'chakuti pashelefupo pamakhala mabuku asanu kapena asanu ndi limodzi onena za dziko lomwelo, onse a zikuto zokongola, ndipo ena mwa iwo akhoza kukusocheretsani.

Ndakhala ndikugula mabuku otere kwa zaka zambiri, ena a maulendo anga, ena ogulira abale obwera kudzacheza. Ndimaliona buku lotsogolera alendo ngati dengu lochokera kumsika lomwe muli tomato ndi nyemba zouma. Tomato ndiye mitengo ya malo ogona, mayina a malo odyera, nthawi zonyamukira basi ndi sitima, malamulo olowera m'dziko. Zimenezi zimayamba kuola buku lisanatuluke n'komwe kosindikizira, popeza wolemba amakhala atayenda miyezi yambiri m'mbuyomo. Nyemba ndiye mbiri ya malo, mafotokozedwe a nyumba ndi matchalitchi akale, mapu a pakati pa mzinda, njira za m'mapiri, timawu ta chilankhulo cha eni dziko. Zimenezi zimatha zaka makumi zili bwinobwino. Pogula buku la kaunjika, ndalama yanu ikupita pa nyemba. Tomato mukamupeza watsopano pa intaneti ndi pofunsa anthu.

## Zoyang'ana musanapite nalo pakauntala

Choyamba ndi chaka, ndipo chikuto musachikhulupirire. Tsegulani tsamba la kuseri kwa mutu, pamene pamakhala timalemba ting'onoting'ono. Osindikiza ena amaika zimenezi kumapeto kwa buku. Funani chaka chimene bukulo linakonzedwanso, osati chimene linangosindikizidwanso, chifukwa buku limatha kutulutsidwa kachiwiri ndi kachitatu osasinthamo ngakhale chilembo chimodzi. Tsambalo likakhala kuti linathothoka, zizindikiro zina zilipo. Mzere wolembedwa ISBN ukakhala ndi manambala 10 okha, bukulo ndi la chaka cha 2007 chisanafike. Mitengo ya ku France ikakhala mu franc, ya ku Italy mu lira, ya ku Spain mu peseta, ndi la 2002 isanafike, ndalama ya euro isanalowe m'matumba mwa anthu. Manambala a foni a ku London akayamba ndi 0171 kapena 0181, ndi la pakati pa 1995 ndi 2000. Mtengo wa pachikuto ukakhala m'masheleni ndi mapeni, ndi la 1971 isanafike, chaka chimene Britain inasiya masheleni, chaka chomwechonso ife tinalandira kwacha ndi tambala.

Buku la London ndimaliyesa mofulumira ndi mafunso atatu. Pa mapu a sitima pali Elizabeth line? Njanji imeneyi inatsegulidwa mu May 2022. Likunena kuti sitima ya Eurostar yopita ku Paris mukakwerera ku Waterloo? Inasamukira ku St Pancras mu November 2007. Likukuuzani kuti mukhoza kulipira dalaivala wa basi ndi ndalama za m'manja? Mabasi a ku London analeka kuzilandira mu July 2014. Mlamu wanga anafika kuno atawerenga buku lakale lomwe anapatsidwa kumudzi, atakonzeratu makobidi m'thumba, ndipo tsiku lake loyamba anayenda wapansi mtunda wautali mvula ili pamutu, kaamba ka chiganizo chimodzi chotha ntchito.

Chachiwiri, dzifunseni kuti bukuli analembera ndani. Apa ndi pamene ife timapwetekera kuposa anzathu. Gawo la mapasipoti limalankhula ndi nzika za Britain, America, Canada ndi Australia, ndipo likati "simufunika visa" silikunena inu amene muli ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe. Visa ya ku Britain siikulowetsani ku France kapena ku Italy. Kumeneko mufunika ya Schengen, visa imodzi yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, yopempha panokha ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupitalo. Tsamba limenelo, buku likhale la chaka chino kapena la makedzana, lidumpheni ndipo mukafunse kwa kazembe. Safunsa anadya phula.

Chachitatu ndi thupi la bukulo. Ligwireni kumsana ndi kuligwedeza pang'ono: masamba akayamba kugwa, guluu anauma. Onani ngati mapu opindidwa a kumapeto alipo, chifukwa ndiwo amayamba kusowa. Mwini wake woyamba amawang'amba n'kuwaika m'thumba la jekete. Yang'anani ngati chigawo cha mzinda mukupitawo chilipo chonse, popeza apaulendo ambiri amadula masamba amene akufuna kuti katundu apepuke. Linunkhizeni. Fungo la chuku silichoka, ndipo limalowerera zovala m'sutikesi. Zolemba za pensulo za mwini wakale sindiziona ngati chilema. Kawirikawiri zimandithandiza, monga pamene wina analemba m'mphepete kuti khomo lolowera lili kuseri.

Mtundu uliwonse wa buku ndauyeza pa zinthu zinayi: mtengo, kapezekedwe, kasamalidwe ndi chiopsezo. Ndikati kasamalidwe ndikutanthauza zinthu ziwiri, kusunga pepalalo kuti lisawonongeke ndi ntchito yotsimikiza zimene lanena.

## Kokasaka

Malo otsika mtengo kwambiri ndi masitolo a mabungwe achifundo, amene amagulitsa zinthu zoperekedwa ndi anthu mwaulere. Oxfam ili ndi masitolo ena a mabuku okhaokha, ndipo British Heart Foundation ndi mabungwe ena amakhala ndi mashelefu angapo pambali pa zovala. Langizo langa ndi lakuti mupite m'madera a anthu ochita bwino, monga Hampstead, Marylebone kapena Richmond. Anthu a kumeneko amayenda kawirikawiri, ndipo akangobwera ku ulendo buku amakalisiya lisanakalambe.

Kenaka pali ogulitsa mabuku akale enieni. Charing Cross Road inatchuka nawo kuyambira kale, ngakhale ambiri anatseka chifukwa cha kukwera kwa lendi. Any Amount of Books ikadalipo. Pafupi pomwepo pali kanjira kotchedwa Cecil Court, kolumikiza msewu umenewu ndi St Martin's Lane, kodzaza ndi ogulitsa mabuku osowa ndi mapu akale. Skoob Books ili m'chipinda cha pansi ku Brunswick, pafupi ndi Russell Square. Kunsi kwa mlatho wa Waterloo, m'mbali mwa mtsinje wa Thames, kuli matebulo a mabuku a panja. Kumeneko yang'anitsitsani chinyezi. Amene muli ndi tsiku lathunthu, tauni ya Hay-on-Wye kumalire a Wales ndi England inasanduka mudzi wa mabuku kuchokera pamene Richard Booth anatsegulako sitolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Musanagule la kaunjika, ndi bwino kudutsira ku Stanfords ku Covent Garden, sitolo ya mapu ndi mabuku a maulendo yomwe inayamba mu 1853, kapena ku Daunt Books pa Marylebone High Street, komwe amasanja mabuku potsata mayiko. Kumeneko muona kuti kope latsopano ndi lachingati, ndipo mudziwa kuti la kaunjika latsalira masitepe angati. Ngakhale Stanfords yomweyo ndi mayeso a buku: inachoka pa Long Acre mu 2019 n'kusamukira pa Mercer Walk, choncho buku lokulozerani ku Long Acre ladziulula lokha msinkhu wake.

## 1. A wapaulendo wa chikwama kumsana: Lonely Planet ndi Rough Guides

Awa ndi amene mudzawaone ochuluka. Lonely Planet anaiyambitsa Tony ndi Maureen Wheeler mu 1973, ndipo Rough Guides anaiyambitsa Mark Ellingham mu 1982 ndi buku la Greece. Onse awiri cholinga chawo ndi kuyankha mafunso a munthu amene watsika basi usiku: ndigona kuti, ndidya kuti, mawa ndikwera chiyani.

Mtengo. M'masitolo achifundo ndimawapeza pakati pa mapaundi 2 ndi 5. Kope la chaka chatha limakwererapo pang'ono. Likadutsa theka la mtengo wa latsopano, phindu la kaunjika latha.

Kapezekedwe. A France, Italy, Spain, Thailand ndi America ali mbwee, mukhoza kusankha mwa atatu kapena anayi. A mayiko ang'onoang'ono ndi amwayi.

Kasamalidwe. Pepala lake ndi lopyapyala, msana ndi wa guluu, ndipo silipirira mvula. Koma ntchito yaikulu ili potsimikiza. Malo ogona alionse, nthawi iliyonse ya sitima, mtengo uliwonse wolowera pakhomo, muyenera kuuonanso pa intaneti. Ine ndimakhala madzulo amodzi ndi pensulo, kudula mzere pa zonse zakufa ndi kulemba zatsopano m'mphepete.

Chiopsezo. Mwa mitundu yonse, uwu ndi umene uli ndi tomato wambiri, mwina theka la buku. Mzere wanga ndimaudula pa 2020. Mliri wa Covid-19 unatseketsa malo ogona ndi odyera osawerengeka, ndipo malo ambiri otchuka anayamba kufuna kuti mlendo agulirepo tikiti pa intaneti ndi kusankha ola lofikira. Chaka chomwecho Britain inatuluka mu European Union, ndipo ku Berlin bwalo la ndege la Tegel linatsekedwa, latsopano la Brandenburg n'kutsegulidwa. Buku la 2018 silidziwa kuti tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chinapsa mu April 2019. La 2022 silidziwa kuti chinatsegulidwanso mu December 2024. Buku la Croatia la 2022 likuwerengerani ndalama mu kuna, pomwe dzikolo linalowa mu euro mu January 2023. Choopsa chenicheni ndi chakuti mabukuwa amalankhula motsimikiza, ndipo munthu wotopa amakhulupirira. Ndinafikapo pa khomo la nyumba ya alendo m'tauni ina ya kumpoto kwa Italy cha m'ma 9 koloko usiku, n'kupeza mazenera okhomedwa matabwa. Buku linali la zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo usiku umenewo ndinalipira kuwirikiza katatu zimene ndinakonzekera.

Pakati pa awiriwa, a kaunjika ndimakonda Rough Guides, chifukwa kumapeto kwake amaika chigawo chachitali cha mbiri ya dziko, nyimbo, chilankhulo ndi mabuku oyenera kuwerenga. Chigawo chimenecho sichikalamba msanga.

## 2. A zithunzi: DK Eyewitness

Anayamba kutuluka mu 1993. Mphamvu yawo ili pa zojambula: tchalitchi chodulidwa pakati kuti muone m'kati mwake, msewu wojambulidwa ngati mukuuonera m'mwamba, nyumba iliyonse pamalo pake.

Mtengo. Ngati a m'gulu loyamba, mwina kuwonjezerapo paundi imodzi.

Kapezekedwe. A mizinda ikuluikulu, London, Paris, Rome, Barcelona, sasowa.

Kasamalidwe. Makope akale ali ndi pepala losalala lolemera, lolimba ndithu koma lomatana likanyowa. Ndege zambiri zimalola makilogalamu 23 pa sutikesi, ndipo mabuku awiri kapena atatu otere amadya malo a mphatso za kumudzi. Zotsimikiza ndi zochepa: nthawi zotsegulira ndi mitengo ya pakhomo.

Chiopsezo. Chochepa. Tchalitchi cha St Paul's sichinasinthe maonekedwe chifukwa buku lakalamba. Mndandanda wa mahotela wa kumapeto ungousiya. Chofooka chake n'chakuti safotokoza mozama, ndipo sathandiza kwenikweni munthu wosaka zotsika mtengo. Koma ngati mukuyenda ndi amayi kapena agogo amene Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono chimawatopetsa, palibe lowaposa. Mayi anga aang'ono analoza okha pa chithunzi malo amene ankafuna kukaona, ndipo tsiku lonse tinatsata chala chawo.

## 3. A mbiri ndi zomangamanga: Blue Guides, Michelin wobiriwira, Pevsner

Pano ndi pamene mtima wanga uli, ndipo sindibisa. Ngati pali mtundu wa buku umene kaunjika amaukomera, ndi umenewu.

Blue Guides anayamba mu 1918 ndi buku la London, ntchito ya abale awiri a ku Scotland, James ndi Findlay Muirhead, amene kale ankakonzera Baedeker, kampani ya ku Germany ya mabuku otsogolera alendo, makope a Chingerezi. Mabukuwa amakutengani pang'onopang'ono, khomo ndi khomo, chipinda ndi chipinda: anamanga ndani, liti, chifukwa chiyani chipilala ichi chikusiyana ndi chinzake. Michelin ali ndi mitundu iwiri ndipo musaisokoneze. Wofiira, amene anayamba mu 1900, ndi wa mahotela ndi malo odyera, ndipo wakale alibe ntchito paulendo. Wobiriwira ndi wa malo okaona, wamtali ndi wowonda moti amalowa m'thumba la jekete, ndipo amapereka nyenyezi: zitatu kwa malo oyenera ulendo wakewake, ziwiri kwa oyenera kupatukirako, imodzi kwa ongosangalatsa. Mukakhala ndi masiku awiri okha, nyenyezi zimenezi zimakusankhirani bwino. Kwa England pali mabuku a Nikolaus Pevsner, 46 onse pamodzi, amene anatuluka pakati pa 1951 ndi 1974 ndipo akhala akukonzedwanso. Amafotokoza nyumba zofunika za chigawo chilichonse, mpaka katchalitchi ka m'mudzi.

Mtengo. Michelin wobiriwira wakale ndi wotsika zedi, mapaundi 2 kapena 3. Blue Guides amakwererapo. A Pevsner, makamaka a chikuto cholimba okonzedwanso, ogulitsa amawadziwa mtengo wake, ndipo sawataya.

Kapezekedwe. M'masitolo achifundo ndi mwa apo ndi apo. Kwa ogulitsa enieni monga Skoob ndi a ku Hay-on-Wye mwayi ndi waukulu. Blue Guides ambiri ndi a Italy, Greece ndi Britain. Pamafunika kufatsa ndi kugwada pansi kuyang'ana shelefu yam'munsi, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi Michelin onetsetsani chilankhulo, chifukwa ambiri amene ali pashelefu ndi a Chifalansa.

Kasamalidwe. Ambiri anamangidwa molimba ndipo amapirira maulendo angapo. Zotsimikiza ndi ziwiri zokha: kodi malowo akadali otsegula, ndipo amatsegula nthawi yanji.

Chiopsezo. Nyumba sizisuntha, koma za m'kati mwake zimasuntha. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zimasinthasintha zipinda, choncho buku likati chithunzi chakuti chili m'chipinda chachisanu, tengani pepala la mapu la pakhomo. Zina zimasamuka kumene: Museum of London inatseka malo ake a pa London Wall mu December 2022, ndipo mabuku a British Library, amene kale ankawerengedwera mu British Museum, anapita ku St Pancras kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Chinanso, mabukuwa sakuuzani kokagula chakudya chotsika mtengo kapena kokachapa zovala. Ndipo chilankhulo chake ndi cholemera, chodzaza mawu a akatswiri a zomangamanga. Werengani tsamba limodzi muli chiimire m'sitolomo. Likakutopetsani pamenepo, paulendo lidzangokhala mtolo.

## 4. A malo osapitapita anthu ndi a oyenda pansi: Bradt, Cicerone, mapu a Ordnance Survey

Bradt anaiyambitsa Hilary ndi George Bradt mu 1974, ndipo inadziwika polemba za mayiko amene makampani akuluakulu amawalambalala. Buku limalembedwa kawirikawiri ndi munthu mmodzi wolidziwa bwino dzikolo, ndipo mawu ake amamveka. La Malawi analemba Philip Briggs. Njira yabwino yoyesera mtundu uliwonse wa buku ndi imeneyi: tsegulani la kwanu, muwerenge za Zomba, Nkhata Bay kapena phiri la Mulanje. Mukaona kuti wolemba wanena zoona pa malo amene mukuwadziwa, mukhoza kuwakhulupirira anzake pa malo amene simukuwadziwa. Muonanso msanga mmene mitengo imaolera: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo uliwonse wa m'kwacha wolembedwa kale unafera pomwepo.

Cicerone ndi mabuku ang'onoang'ono a njira za m'mapiri. Mapu othandiza oyenda pansi a Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu a Britain, ali pawiri: a chikuto cha olenji a 1:25,000, oonetsa mpaka mipanda ya minda, ndi a pinki a 1:50,000.

Mtengo. Bradt wa kaunjika amakonda kukwererapo kuposa Lonely Planet, chifukwa ndi wosowa. Mapu akale amapezeka m'bokosi pafupi ndi khomo, paundi imodzi kapena ziwiri.

Kapezekedwe. Simungapite kukafuna la dziko lakutilakuti n'kuyembekeza kulipeza tsiku lomwelo. Mukaliona, tengani.

Kasamalidwe. Mapu amang'ambika m'mapindo. Matanipo tepi kuseri musananyamuke, ndipo muwaike m'pepala la pulasitiki. Bradt amatenga zaka zambiri asanakonzedwenso, choncho za misewu ndi malire muzifunse kwa amene abwerako posachedwa.

Chiopsezo. Apa chiopsezo chikukhudza moyo, osati thumba lokha. Phiri silisintha, koma kamlatho kamakokoloka, njira imapatutsidwa, basi yomaliza yochokera kumudzi wa m'tsinde imathetsedwa. M'mapiri a Scotland nyengo imatembenuka pa ola limodzi. M'mayiko ena dera limene linali la mtendere buku likulembedwa lero kuli nkhondo. Za chitetezo ndi za katemera musazitenge m'buku la kaunjika.

## 5. Akalekale: Baedeker, Murray ndi anzawo

Mudzawazindikira ndi chikuto chofiira cha malemba agolide. Karl Baedeker anayambitsa kampani yake ku Koblenz mu 1827, ndipo John Murray wa ku London anayamba kutulutsa mabuku ake a apaulendo mu 1836. Baedeker anatchuka ndi kulondola kwa mapu ake opindidwa ndi nyenyezi zosonyeza malo ofunika. Dzinali linafika mpaka pa nkhondo: mabomba amene ndege za Germany zinaponya pa Exeter, Bath, Norwich, York ndi Canterbury mu 1942 amatchedwa ndi dzina la Baedeker, poti inali mizinda yotchuka ndi nyumba zakale.

Mtengo. Apa si pa kaunjika wamba. Makope ofala, monga a Switzerland kapena a chigwa cha Rhine, munthu akhoza kuwakwanitsa. Osowa amafika mapaundi mazanamazana. Mtengo umalembedwa ndi pensulo patsamba loyamba. Kwa ogulitsa odziimira paokha mukhoza kupempha mwaulemu kuti akuchotsereniko pang'ono, makamaka mukatenga angapo, koma osati kunenerera kwa pamsika wa kwathu. M'masitolo achifundo sanenerera.

Kapezekedwe. Cecil Court, Hay-on-Wye, ndi kabati yagalasi ya m'masitolo ena a Oxfam.

Kasamalidwe. Kovuta kuposa onse. Pepala ndi lopyapyala, mapu amathyoka mukawapinda molakwika, ndipo kutsogolo kumalembedwa chiwerengero cha mapu, choncho awerengeni musanalipire. Mukapita nalo kumudzi, adani ake ndi chinyezi cha dzinja, njenjete, mphemvu zodya guluu, ndi chiswe. Lisungeni pamwamba, kutali ndi khoma, ndipo muzilitsegula nthawi ndi nthawi kuti lipitidwe mphepo.

Chiopsezo. Simungayende nalo lokha. Mizinda yambiri ya ku Ulaya inagumulidwa pa nkhondo yachiwiri n'kumangidwanso mwina, misewu inasintha mayina, malire anasuntha. Palinso china choti mukonzekere mumtima. Mabuku akale onena za Africa, monga aja a chaka ndi chaka amene kampani ya sitima zapamadzi ya Union-Castle inkatulutsira okwera ake, amalankhula za ife ngati mbali ya malo, pamodzi ndi nyama ndi mitengo. Mupezamo Nyasaland, likulu lili ku Zomba, Mangochi akutchedwa Fort Johnston, Nsanje Port Herald, Chipata Fort Jameson, Harare Salisbury. Nditawerenga koyamba chigawo cha kwathu ndinakhala chete nthawi yaitali. Ndinaligulabe, chifukwa muli njanji, madoko ndi misewu monga zinalili m'masiku a agogo, ndiponso umboni wa mmene ankationera. Ana athu ayenera kuziwerenga ndi maso awo.

## Nanga inu mutenge liti?

Ngati mwabwera kudzacheza kwa abale masabata awiri kapena atatu ndipo mukufuna kuona London, tengani DK Eyewitness wa zaka zosapitirira khumi, ndipo za mayendedwe muzifunse kwa amene akukusungani ndi pa foni. Kumbukirani kuti British Museum ndi National Gallery salipiritsa pakhomo.

Ngati ndinu wophunzira wa ndalama zowerengeka amene wapeza visa ya Schengen ndipo mukufuna kuzungulira mayiko angapo pa basi ndi sitima, apa kaunjika akhoza kukudyerani zambiri kuposa zimene wakupulumutsirani. Tengani Lonely Planet kapena Rough Guides wa 2022 kapita kutsogolo. Akasowa, laibulale ya m'dera lanu imabwereketsa makope atsopano mwaulere kwa okhala m'deralo, ndipo imagulitsanso motsika amene yawachotsa pashelefu.

Ngati mukupita mzinda umodzi wokha, Rome, Florence kapena Athens, ndipo malo ogona mwalipira kale, Blue Guide ngakhale wa zaka 20 akutumikirani bwino. Ngati mukuyenda pa galimoto m'midzi ya ku France, Michelin wobiriwira. Ngati mwakhazikika ku England, kaya ndi ntchito ya unamwino ku Leeds kapena ku Nottingham, ndipo mukufuna kudziwa dera limene mukukhala, funani Pevsner wa chigawo chanu ndi mapu a olenji a m'dera lomwelo. Muzidzawatsegula Loweruka lililonse lopuma.

Ngati mukukakwera mapiri a Lake District kapena a Scotland, buku la njira la kaunjika ndi lololeka, koma mapu gulani atsopano. Ngati mukupita dziko limene mabuku ake ndi osowa, Bradt wakale ndi wabwino kuposa kupita chimanjamanja, bola za malire, za katemera ndi za chitetezo mwazitsimikiza kwina.

Ngati mukufuna mphatso ya bambo kapena aphunzitsi anu akale okonda mbiri, pitani ku Cecil Court masana a pakati pa sabata, pamene anthu ali ochepa, mufunse wogulitsa ngati ali ndi lililonse lotchula Nyasaland, ndipo mapu ake muwawerenge limodzi naye pakauntala pomwepo.